Mzere wa mapaketi pa rauta: njira iti ikuyenera intaneti yogawana kuno kuchigwa cha Shire?

"Achimwene, intaneti yathuyi ayilodza." Anatero mayi wina woyang'anira kaofesi ka bungwe lina pa Ngabu, tsiku limene anandiitana mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Akayeza liwiro, manambala ankaoneka abwinobwino. Koma akangolowa msonkhano wa pa Zoom ndi mabwana awo a ku Blantyre, mawu ankaduka, nkhope n'kuuma pa sikirini ngati chithunzi cha pachiphaso. Ndinatsegula laputopu n'kuyamba ping, kapulogalamu koonetsa mamilisekondi amene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera. Manambala ankabwera mwaulemu: 58, 61, 60. Kenako mwadzidzidzi 900, 1,400, mpaka kudutsa 2,000. Nditacheuka ndinaona mlangizi wachinyamata atangofika kuchokera kumidzi, thukuta lili kamukamu, foni ataiponya patebulo. Foniyo itangonunkhiza Wi-Fi inayamba yokha kukweza zithunzi ndi mavidiyo onse a tsikulo. Ndinamupempha kuti aizimitse kaye. Ping inabwerera pa 60.

Ufiti panalibe. Vuto linali mzere.

Chilichonse chimene mumatumiza pa intaneti chimadulidwa timagawo totchedwa mapaketi, ndipo paketi yodzaza imakhala ya mabayiti pafupifupi 1,500. Mapaketi akachuluka kuposa mmene njira ingathere kuwadutsitsa, rauta kapena modemu imawasunga pamzere m'kankhokwe kotchedwa buffer. Memory itatchipa, opanga zipangizo anakulitsa nkhokwezi poganiza kuti kutaya paketi ndi mlandu. Tiwerengere pamodzi. Mapaketi odzaza 1,000 ndi mamegabiti 12. Ngati njira yanu yokwezera ndi ya 2 Mbps (mamegabiti 2 pa sekondi), paketi yofika kumapeto kwa mzere umenewo idikira masekondi 6, chonsecho kucheza kwa pa foni kumayamba kusokonekera mawu akachedwa kupitirira mamilisekondi 150 paulendo umodzi. Jim Gettys ndi amene anawapatsa matendawa dzina loti bufferbloat mu 2010.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala ake ndi kutaya mapaketi. TCP, yomwe imanyamula zambiri zimene timatsitsa ndi kukweza, imawonjezera liwiro mpaka paketi itatayika, ndipo kutayikako ndiye chizindikiro choti ichepetse. Khalidwe limeneli analikonza Van Jacobson mu 1988, pambuyo poti mu 1986 njira ya pakati pa Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya California ku Berkeley inagwa kuchoka pa mabiti 32,000 pa sekondi kufika pa 40 okha chifukwa cha kuthithikana. Nkhokwe yaikulu imabisa chizindikirocho, wotumiza n'kumangothira. Njira zonse zoyendetsera mzere pa rauta zotchedwa AQM (Active Queue Management) zimachita chinthu chimodzi: kutaya kapena kudinda mapaketi ochepa msanga, mzere usanatalike. Zimasiyana pa kasankhidwe ka paketi yoti itayidwe ndi nthawi yake.

## Zimene ndikuyezera

Choyamba ndi ping njira ili yodzaza. Ping ya pakati pa usiku, aliyense atagona, siikuuzani kanthu. Yambitsani ping, wina akweze vidiyo yaikulu, muone kuti nambala yakwera bwanji. Tsamba la fast.com limaonetsa kuchedwa kwa njira yopanda katundu ndi yodzaza, pomwe loyezera bufferbloat la Waveform limapereka malikisi kuyambira A+ mpaka F.

Chachiwiri ndi kugawana. Munthu mmodzi asamadye njira yonse ena akuyang'ana.

Chachitatu ndi chimene mabuku ambiri olembedwa kumene kuli fiber nyumba iliyonse sachilabadira: liwiro losinthasintha. Kuno ambiri timadalira 4G ya Airtel kapena TNM, ena atenga Starlink yomwe inalowa m'dziko muno mu 2023. Nsanja ya netiweki mumagawana ndi tauni yonse, ndiye liwiro la m'mawa silifanana ndi la madzulo anthu ataweruka.

Pamwamba pa zimenezi, njira iliyonse yoyendetsera mzere ndiyiona pa zinthu zinayi: mtengo, kapezekedwe, kasamalidwe ndi pochenjera.

Pali mfundo imodzi imene ikaphonyedwa, zonse zili m'munsimu ndi kuthira madzi m'dengu. AQM imalamulira mzere umene uli m'manja mwake mokha. Ngati rauta yanu imathira mapaketi mu modemu pa 100 Mbps, modemuyo n'kumawatulutsa pa 5 Mbps, mzere uli mu modemu kapena pa nsanja, osati mwa inu. Ndiye mumayenera kudzichepetsera dala liwiro pa rauta, pang'ono chabe pansi pa liwiro lenileni la njirayo, kuti mzere usamukire kwanu. A OpenWrt, pulogalamu yaulere yoyendetsa marauta, amalangiza kuyamba ndi maperesenti pafupifupi 90 a liwiro limene mwayeza. Zimawawa kusiya dala gawo la chinthu chimene mwalipira, koma mtengo weniweni wa nkhaniyi ndi umenewo.

## Kusiya momwe ziliri, kapena kugula liwiro lokulirapo

Rauta yongoitulutsa m'katoni nthawi zambiri imagwiritsa mzere umodzi: wofika poyamba atuluka poyamba, nkhokwe ikadzaza wofika kumapeto atayidwa. Dzina lake ndi drop-tail.

Mtengo: simulipira kanthu lero. Mukasankha kukweza phukusi, mulipira mwezi ndi mwezi.

Kapezekedwe: muli nayo kale.

Kasamalidwe: palibe chosamalira, kupatula kukuwa kuti "ndani akudawuniloda?" nthawi ya msonkhano.

Pochenjera: liwiro lokulirapo limafupikitsa nthawi imene mzere umakhala wodzaza, koma silichotsa mzerewo, chifukwa TCP imadzaza njira ina iliyonse imene mwaipatsa. Komanso maphukusi ambiri amakweza liwiro lotsitsira, pomwe vuto la ofesi ya pa Ngabu ija linali kokwezera. Pa 4G, amene akukupanikizani ndi nsanja ndi mphamvu ya siginolo, osati dzina la bandulo. Komabe kwa munthu wokhala yekha, foni imodzi ndi laputopu imodzi, njirayi ndi yokwanira ndithu.

## RED

Iyi ndi gogo wa zonse. Sally Floyd ndi Van Jacobson anaisindikiza mu 1993, ndipo mu 1998 chikalata cha akatswiri a intaneti chotchedwa RFC 2309 chinalangiza kuti marauta aziigwiritsa ntchito. Imayang'ana avereji ya kutalika kwa mzere. Mzere ukakhala pansi pa malire oyamba, siitaya kanthu. Pakati pa malire oyamba ndi achiwiri imataya mwamaere, mwayi wotayidwa n'kumakwera mzere ukamatalika. Ukadutsa malire achiwiri imataya kwambiri.

Mtengo: yaulere, ndipo siilemetsa purosesa.

Kapezekedwe: ili mu Linux, m'marauta a MikroTik ngakhale a pulogalamu ya RouterOS 6, ndi m'marauta akuluakulu a Cisco mwa mtundu wake wotchedwa WRED.

Kasamalidwe: apa ndi pamene inagwera. Muyenera kusankha nokha malire awiriwo, kukula kwa mwayi wotaya, ndi kawerengedwe ka avereji, ndipo manambala oyenera amatsata liwiro la njira ndi kuchuluka kwa anthu. Ambiri anaisiya yozimitsa chifukwa cha zimenezi. Mu 2015 RFC 7567 inachotsa langizo loti RED ndiyo ikhale yoyambira, n'kunena kuti AQM yabwino isamafune kuchunidwa ndi munthu nthawi ndi nthawi.

Pochenjera: imayeza mzere m'mapaketi kapena m'mabayiti, osati m'nthawi. Mapaketi odzaza 50 pa 20 Mbps ndi mamilisekondi 30. Omwewo pa 2 Mbps ndi 300. Panjira yosintha liwiro ngati zathuzi, manambala amene munachuna m'mawa ndi olakwika pofika madzulo. Sindingamuuze munthu wa kuno kuti ayambe RED lero.

Ndipatuke pang'ono. Amisiri ambiri a MikroTik anazolowera PCQ, yomwe imagawa liwiro mofanana kwa munthu aliyense. Kugawako imatha bwino, koma m'kamzere ka munthu aliyense mumakhalabe drop-tail. Ndiye mnzanu sakuponderani, koma inu nokha mukakweza vidiyo, foni yanu ya WhatsApp idukabe.

## CoDel ndi PIE

Ndaziphatikiza chifukwa nzeru yake ndi imodzi: kuyeza nthawi imene paketi yadikira, osati kutalika kwa mzere.

CoDel anaitulutsa Kathleen Nichols ndi Van Jacobson mu 2012. Paketi iliyonse imadindidwa nthawi yolowera. Ngati kwa mamilisekondi 100 athunthu palibe ngakhale paketi imodzi imene yadikira mochepera mamilisekondi 5, CoDel imadziwa kuti uwu si mzere wongodutsa koma wokhazikika. Imataya paketi imodzi, kutsogolo kwa mzere kuti wotumiza amve msanga, ndipo mzere ukapanda kutsika imafupikitsa mpata wa pakati pa kutaya ndi kutaya. PIE inachokera ku Cisco, inakhala RFC 8033 mu 2017. Iyo imawerengera kuchedwa, cholinga chake chili pa mamilisekondi 15, n'kumakweza kapena kutsitsa mwayi wotaya paketi polowa pomwe.

Mtengo: zonse ndi zaulere komanso zopepuka.

Kapezekedwe: CoDel ili mu Linux kuyambira 3.5 ndi mu RouterOS 7. PIE ili mu Linux, koma kwawo kwenikweni ndi m'mamodemu a intaneti ya waya wa TV a DOCSIS 3.1, zinthu zomwe kuchigwa kuno kulibe.

Kasamalidwe: kochepa, malinga mwaika chochepetsa liwiro patsogolo pake.

Pochenjera: mzere ndi umodzi. Ndi waufupi, inde, koma mawu a foni aimabe kumbuyo kwa zithunzi za mlangizi uja, ndipo pulogalamu yosamva chizindikiro ikhoza kupweteketsa onse. Chinanso chimatikhudza kuno: pa 1 Mbps, paketi imodzi yodzaza imatenga mamilisekondi 12 kuti ituluke, kudutsa kale 5 uja. Pansi pa 2.5 Mbps kapena pamenepo muyenera kukweza nambala ya target, yomwe ndi mamilisekondi 5 aja, apo ayi CoDel izitaya mapaketi osalakwa.

## FQ-CoDel

Amene anakulira pamjigo aimvetsa msanga. Tinene kuti mayi wina waika zigubu khumi pamzere chifukwa akufulula thobwa la ukwati, kumbuyo kwake kuli mwana ndi kabotolo ka madzi akumwa. Mzere umodzi umati mwanayo adikire zigubu zonse khumi. Pamjigo pamene pali umunthu amati, "Mulekeni mwanayu atunge kaye," ndipo a zigubu zambiri amasinthana chimodzichimodzi. FQ-CoDel imachita zimenezo.

Eric Dumazet anailemba mu Linux 3.5 mu 2012, ndipo inakhala RFC 8290 mu 2018. Imayang'ana adiresi ndi doko la kochokera ndi kopita kwa paketi iliyonse, n'kugawa mapaketi m'timizere 1,024. Timizereto timatumikiridwa mosinthana, kalikonse kali ndi CoDel yakeyake. Nzeru yaikulu ndi yakuti kamzere kamene kangoyamba kumene, kapena kamene sikasunga katundu, kamadumphitsidwa kupita kutsogolo. Mawu a foni, funso la DNS, uthenga wa WhatsApp, kutsimikiza kwa malipiro: zonsezi ndi timabotolo, ndipo zimadutsa popanda inu kulemba lamulo lililonse loti ichi n'chofunika kuposa icho. Zaka zonse zimene amisiri tinkataya polemba mndandanda wa madoko a Skype ndi zina, njirayi inangozimaliza.

Mtengo: pulogalamuyo ndi yaulere. Mumalipira chipangizo chotha kuinyamula. Chimalemetsa purosesa si FQ-CoDel yeniyeniyo koma chochepetsa liwiro, nthawi zambiri HTB, chimene chimayenda nayo. Pa maliwiro a makumi ochepa a Mbps, karauta ngati MikroTik hEX kamakwanitsa.

Kapezekedwe: ndiyo yofala kuposa zonse. Ndi yoyambira m'ma Linux ambiri, ili mu OpenWrt kudzera mu phukusi la luci-app-sqm, ili mu RouterOS 7, ndiponso m'mapulogalamu a rauta a pfSense ndi OPNsense. Vuto ndi lakuti MiFi kapena rauta ya 4G imene mumagula limodzi ndi simu nthawi zambiri siikupatsani posinthira zimenezi. Mufunika rauta yachiwiri kumbuyo kwake, ndipo aliyense alowere mu yachiwiriyo. Wi-Fi ya yoyambayo muizimitse, chifukwa mmodzi akazemba n'kulowa kumeneko, mzere wabwereranso ku modemu.

Kasamalidwe: manambala awiri, lokwezera ndi lotsitsira, ndi kuwayezanso pakapita nthawi.

Pochenjera: imagawa potsata kulumikizana, osati munthu. Wogwiritsa torrent kapena pulogalamu yotsitsira yotsegula milumikizo 16 amatenga magawo 16, mnzake wa mlumikizo umodzi n'kutenga limodzi. Zili ngati mayi wa thobwa uja watuma ana ake khumi, aliyense ndi chigubu chake. Zonse zodutsa mu VPN imodzi zimaoneka ngati munthu mmodzi. Ndipo pa MikroTik, njira yachidule yotchedwa FastTrack imalambalala mizere ya ma simple queue. Pa OpenWrt, hardware offloading imachitanso chimodzimodzi. Ndaonapo anthu akuchuna tsiku lonse osadziwa kuti mapaketi akudutsa khomo lakumbuyo.

## CAKE

CAKE inalowa mu Linux 4.19 mu 2018, ntchito ya Jonathan Morton, Toke Høiland-Jørgensen, Dave Täht ndi anzawo. Inatenga maphunziro onse a FQ-CoDel n'kuwaika m'chinthu chimodzi. Chochepetsa liwiro chili momwemo, simufunikanso HTB. Imagawa kaye pakati pa zipangizo, kenako pakati pa milumikizo ya chipangizo chilichonse, ndiye ana khumi a mayi uja amawerengedwa ngati khomo limodzi. Imadzikonzera yokha target njira ikakhala yochedwa, zomwe zimathetsa vuto la pansi pa 2.5 Mbps lija. Ili ndi ack-filter yochepetsa timapaketi totsimikizira, yothandiza pamene kokwezera n'kopapatiza kwambiri poyerekeza ndi kotsitsira. Imalolanso kuiuza kutalika kwa ulendo: mawu oti internet amaimira mamilisekondi 100, oceanic 300, satellite 1,000. Womalizawo anapangira VSAT yakale ya masetilaiti akutali, yomwe ping yake imazungulira 600. Musawaike pa Starlink, chifukwa masetilaiti ake ali pafupi.

Mtengo: yaulere, koma imadya purosesa kuposerapo pang'ono. Pa 4G simungaone kusiyana. Pa Starlink yodutsa 100 Mbps timarauta takale timatopa, ndipo pamafunika chinthu ngati Raspberry Pi 4 kapena kakompyuta kakang'ono ka madoko awiri. Zipangizozi mtengo wake umatsata dola, ndipo kwacha itagwa ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023 tonse tinamva kuwawa kwake. Mukapeza rauta ya kaunjika yogwirizana ndi OpenWrt, musaipeputse.

Kapezekedwe: OpenWrt ndiye kwawo, musankhe piece_of_cake.qos pa tsamba la SQM, pomwe mumachepetsera liwiro ndi kusankha mtundu wa mzere. RouterOS 7 ili nayo. pfSense ndi OPNsense zilibe, chifukwa zimayenda pa FreeBSD. Zipangizo zake muyembekezere kukwera mapiri a Thabwa kukazifuna ku Blantyre kapena ku Limbe, kapena kuitanitsa kunja. Musanagule rauta, onani nambala ya mtundu wake pa tsamba la OpenWrt mpaka chilembo chomaliza, chifukwa v2 ndi v3 za dzina limodzi zimatha kukhala ndi matumbo osiyana.

Kasamalidwe: kuti kugawana kwa zipangizo kugwire bwino kumbuyo kwa NAT (pamene zipangizo zonse zimatulukira pa adiresi imodzi), onjezani mawu oti nat dual-srchost kokwezera ndi nat dual-dsthost ingress kotsitsira. Mukatero mwamaliza, kupatula manambala awiri aja. Sungani kope ya makonzedwe pa fulashi. Amene anaona madzi a namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 sakufunika kuuzidwa kuti rauta ikhale pamwamba pa khoma, osati pansi pa tebulo.

Pochenjera: kuika OpenWrt molakwika kukhoza kupha rauta, makamaka magetsi akazima pakati pa ntchitoyo, ndiye muichite rauta ili pa batire. Kutentha nakonso: Raspberry Pi 4 imadzichepetsera liwiro ikafika madigiri 80, ndipo m'chipinda cha malata ku Nsanje mu Novembala, kunja kukudutsa madigiri 40, kufika pamenepo si nthano. Iikireni chitsulo choziziritsira, musaitsekere m'kabati. Koma choopsa chachikulu ndi nambala.

Pa loji ina pa Nchalo ndinayeza cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndinapeza 20 Mbps, n'kuika 18. Ndinachoka ndikudzimva kuti ndine katswiri. Cha m'ma 7 madzulo foni inalira: "Amisiri, zija mwakonza zija zabwerera." Nsanja inali itadzaza, njira yatsikira pa 6, ndipo CAKE yanga inali phee, ikudikira mzere umene unali utasamukira kwina. Nditaika 5, mafoni anayera, koma m'mawa mwake alendo ankadandaula kuti intaneti ikukwawa pomwe njira inali pululu. Nambala imodzi siingakwane tsiku lonse pa njira yotere.

## CAKE yodzisinthira liwiro

Yankho la vuto la pa Nchalo ndi kapulogalamu kotchedwa cake-autorate, kochokera kwa anthu a OpenWrt. Kamatumiza ping mosalekeza ku maseva angapo. Kuchedwa kukayamba kukwera njira ili yodzaza, kamatsitsa nambala ya CAKE. Kukakhala bata kamaikweza pang'onopang'ono. Inu mumapereka manambala atatu mbali iliyonse: lotsikitsitsa, la masiku onse, ndi lokwezetsetsa.

Mtengo: kaulere, koma kamafuna purosesa yamphamvuko, ndipo ma ping akewo amadya data pang'ono nthawi zonse pamene njira ikugwira ntchito. A bandulo yowerengera aziikumbukira.

Kapezekedwe: si kongodina batani. Mumakaika kudzera pa SSH, polemba malamulo mu rauta, n'kusintha fayilo ya makonzedwe ndi manja. Pa MikroTik sikayenda; kumeneko chapafupi ndi kugwiritsa scheduler kuti nambala izitsika madzulo ndi kukwera m'mawa. Ndi njira yachimidzi, koma poti nsanja imadzaza pa nthawi zodziwika, imagwira ntchito kuposa mmene mungaganizire.

Kasamalidwe: apa ndi polemera. Pamafunika munthu wotha kuwerenga zimene kapulogalamuko kakulemba, ndipo sabata yoyamba ndi yochuna.

Pochenjera: kamayankha kuchedwa kutayamba kale, ndiye timadzidzi tating'ono timakhalapobe. Siginolo ikakhala yofooka, ping imadumphadumpha ngakhale mzere kulibe, kapulogalamuko n'kumatsitsa liwiro pachabe. Pamenepo ndalama yanu ipite kaye ku eriyo yakunja pa mlongoti. Starlink imasintha kalumikizidwe kake masekondi 15 aliwonse, ndiye malire ake mumayenera kuwamasula. Funso lenileni ndi ili: mmisiri amene wakuikirani akasamukira ku Lilongwe, adzakakonza ndani?

## L4S

Iyi ndi yatsopano, ya RFC 9330 mpaka 9332 za Januwale 2023. M'malo motaya, imadinda mapaketi pafupipafupi pogwiritsa ECN, chizindikiro chouza wotumiza kuti achepetse, kuti mzere ukhale wa pafupifupi milisekondi imodzi. Mtengo kwa inu palibe, chosamalira palibe, chifukwa si chinthu choti mungaike nokha: pafunika kuti wotumiza, wolandira ndi kampani ya netiweki onse aigwiritse. Apple inaiika kuyambira iOS 17. Pochenjera ndi pamodzi pokha, kugula rauta yodula chifukwa pakatoni palembedwa L4S pomwe mzere wanu uli pa nsanja.

## Ndani atenge iti

Banja kapena munthu mmodzi wa MiFi asagule kanthu. Alowe m'makonzedwe a foni, aletse zithunzi kukwera zokha masana, azichita zimenezo usiku.

Ofesi yaing'ono, chipatala cha kumudzi kapena sukulu ya anthu 5 mpaka 20 pa 4G atenge rauta ya OpenWrt ndi CAKE, aiike kumbuyo kwa modemu. Ngati palibe mmisiri wapafupi, muyeze pa ola loipitsitsa la nthawi yanu ya ntchito kwa masiku atatu, n'kuika nambala pansi pa zimene mwapezazo. Ndalama ikakhala yochepa ndipo mukuopa kutaya liwiro, yambani ndi kokwezera kokha. Kumeneko mzere ndi wanu ndithu, ndipo ndi kumene mavuto ambiri a misonkhano amachokera. Ku Ngabu kuja ndinachita zomwezo, kutsitsira sindinakukhudze n'komwe.

Amene ali kale ndi MikroTik asaitaye. Aikweze ifike RouterOS 7, atayamba aona kuti memory ikukwana, asankhe CAKE kapena FQ-CoDel, azimitse FastTrack, aike scheduler ya madzulo.

Loji, malo ogulitsa Wi-Fi pamsika ngati wa Bangula, kapena paliponse pamene pamalowa alendo osawadziwa, CAKE ndiyo, chifukwa cha kugawa kwa chipangizo ndi chipangizo. FQ-CoDel yokha imagonja kwa mnyamata mmodzi wa torrent. Ngati mumagulitsa mavocha a liwiro lodziwika, malire a munthu aliyense akhalepo, koma mtundu wa mzere m'katimo ukhale FQ-CoDel, osati wa drop-tail.

Pa Starlink yambani mwayeza. Mukapeza malikisi abwino njira ili yodzaza, isiyeni. Mukaona ping ikukwera pokweza, ikani rauta yake pa bypass kuti yanu ndiyo iziyendetsa mzere, CAKE igwire kokwezera, ndipo cake-autorate mubweretse pokhapokha pali woisamalira. Ngati muli pa sola, muwerengerenso kuti mbale ya Starlink payokha imadya mawati makumi angapo, ndiye kakompyuta kowonjezera kasakhale kadyera.

Kampani kapena bungwe lokhala ndi fiber kapena njira ya mawayilesi ya liwiro lokhazikika ndi amene zinthu zawaphwekera: FQ-CoDel pa pfSense kapena OPNsense, kapena CAKE pa Linux, pa maperesenti 90 mpaka 95, basi. Amene akugawa intaneti kwa makasitomala ambiri kuchokera pa nsanja yawo ayang'ane LibreQoS, yomwe imaika CAKE pa kasitomala aliyense kuchokera pa seva imodzi, ngakhale imafuna kompyuta yamphamvu ndi magetsi osazima. Ndipo ngati njira yoonda ndi Wi-Fi ya m'nyumba momwemo, monga anthu 40 m'holo imodzi akulimbirana kabokosi kamodzi, SQM ya pa khomo lotulukira siithandiza. Pamenepo onjezani ma access point olumikizidwa ndi waya, makamaka a chip ya Atheros kapena MediaTek amene pa OpenWrt amagawa nthawi ya mlengalenga mofanana kwa foni iliyonse.